Ya mwala ndi ina, ya kuguwa ndi inanso

Anyamata ambiri akalowa m'shopu mwathu amathamangira mphete ya mwala wonyezimira. "Bambo, ndikufuna iyi, ukwati uli mwezi wamawa." Ndikafunsa kuti, "Achimwene, mukufuna ya chinkhoswe kapena ya kutchalitchi?" amangoti kukamwa yasa.

Mphete ya chitomero amavala ndi mkazi yekha, ndipo imaperekedwa ukwati usanachitike, kaya pofunsira kaya pa chinkhoswe. Ntchito yake ndi youza anthu kuti uyu si mbetanso. N'chifukwa chake mwala wake umakhala pamwamba, utagwiridwa ndi timano tachitsulo, kuti kuwala kuzilowa mbali zonse. Kapangidwe ka timano 6 kameneka anakatchukitsa ndi a kampani ya Tiffany ya ku New York mu 1886. Za ukwati zimakhala ziwiri, ya mwamuna ndi ya mkazi, ndipo amavekana polumbira. Kawirikawiri zimakhala zosalala, zopanda chotumphuka chilichonse, poti zinapangidwira kuti zizikhala pachala usana ndi usiku.

Kusalalako musakuone ngati kuchepa. Mphete za mwala zimene zimabwerera kwa ine pakatha miyezi ingapo ndimazidziwa ndisanaziike n'komwe pagalasi. Kunsi kwa mwala kumakhala kutamatirira nsima youma, sopo ndi mafuta odzola, mwala n'kuchita bii ngati botolo lakale. Kano kamodzi kamakhala katakola ulusi wa chitenje kapena tsitsi poluka, n'kupindika. Kakapindika kamodzi, mwala umayamba kugwedera, ndipo tsiku lina umatsalira m'beseni la zochapa. Ngati muli nayo yotere, muziigwedeza pafupi ndi khutu. Mukamva kaphokoso, ivuleni, mupite nayo kwa okonza. Poitsuka, madzi ofunda, sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale n'zokwanira. Ya ukwati ilibe mavuto amenewa. Mumakanda nayo mandasi, kuchapa nayo, kugwira nayo khasu, imangokalika pang'ono basi.

Zoti ya chitomero iyenera kukhala ya dayamondi si mwambo wakalekale ayi. N'zoona kuti mu 1477 Maximilian wa ku Austria anapatsa Mary wa ku Burgundy mphete ya dayamondi, koma zimenezo zinali za kunyumba zachifumu. Anthu wamba anakopeka ndi malonda a kampani ya De Beers, yomwe inayambira ku migodi ya Kimberley ku South Africa, makamaka kuyambira mu 1947 pamene inayamba kulengeza kuti dayamondi ndi wamuyaya. Kwathu kuno chomanga chinkhoswe ndi ankhoswe, amene amasinthana tambala ndi thadzi pamaso pa mabanja awiri. Mphete inabwera pambuyo. Ndipo wofuna mwala wolimba sayenera kuyang'ana kutali. Ku Chimwadzulu, m'boma la Ntcheu, kumapezeka ruby ndi sapphire, miyala yomwe pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, ili pa 9, pamene dayamondi ali pa 10.

Pogula iliyonse mwa ziwirizi, suzumirani m'kati mwake. Mukaona 375, ndiye kuti ndi golide wa makarati 9 (makarati ndi muyezo wa kuchuluka kwa golide), wosakaniza kwambiri ndi zitsulo zina, wotsikirapo mtengo. 585 ndi makarati 14, ndipo 750 ndi makarati 18, kutanthauza kuti magawo atatu mwa anayi ndi golide weniweni. 925 ndi siliva. Zilembo zoti GP zikutanthauza kuti golideyo anangokutira pamwamba. Yotereyi imasupuka, ndipo ina imasiya chala chitabiriwira. Ndalama zikakhala zochepa, ine ndimalangiza kuti zambiri zipite ku ya ukwati. Ya chitomero ikhoza kupumula m'kabokosi n'kumatuluka Lamlungu, koma inayo ilibe tchuthi.

Zonse ziwiri zimakhala pa chala choyandikana ndi chaching'ono, kudzanja lamanzere, ngakhale ku Germany ndi ku Russia ya ukwati amavala kumanja. Tsiku la ukwati mkwatibwi asunthire ya chitomero kudzanja lamanja asanalowe m'tchalitchi, kuti ya ukwati ilowe pa chala chopanda kanthu. Mwambo ukatha, ya mwala ija imabwerera n'kukhala pamwamba pa inzake. Choncho pokagula ya ukwati mutenge ya chitomero, tiziyeze pamodzi, chifukwa zina sizigwirizana, zimasiya mpata pakati kapena kumadyana.

Abambo ambiri masiku ano akukonda za chitsulo cholimba chotchedwa tungsten poti sizikalika. Vuto lake n'lakuti sizitheka kukuza kapena kuchepetsa, pamene ya golide ndimaidula n'kuwonjezera kachidutswa mwini wake akanenepa, kapena zala za amayi zikakula atakhala ndi pakati. Poyezetsa chala, mubwere chakumadzulo. M'mawa wa mu Juni chala chimafota ndi kuzizira, ndipo mphete yoyezedwa nthawi imeneyo imadzakana kuvuka mu Okutobala.