George Inn, malo ogona apaulendo omwe a njanji anawagwetsa mbali ziwiri

Ku Southwark, kum'mwera kwa mtsinje wa Thames mu London, kuli bala ina yakalekale dzina lake George Inn, pamsewu wa Borough High Street. Ukamadutsa mothamanga sungaione nkomwe chifukwa kumsewuko kuli kageti chabe, nyumba yeniyeniyo ili mkati mwa bwalo.

Kale mlatho wolowera m'tauni ya London unali umodzi basi, London Bridge, mpaka 1750 pomwe anatsegula wa Westminster. Ndiye aliyense wochokera kuchigawo cha Kent kaya kudoko la Dover amathera pamsewu umenewu, ngolo za mahatchi zimaima pompa, anthu nkudya, kumwa, kugona, mahatchi nawo nkukapuma m'makola kumbuyo. Zinali ngati maresitihausi aja amazungulira depoti ya basi, ambirimbiri mondondozana.

George yomwe ilipo panoyi anaimanga 1677, yakaleyo itapsa ndi moto womwe unasakaza Southwark mu 1676. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi mamangidwe ake. Mapuloti a kumeneko anali opanikizika kumaso koma aatali kulowa mkati, kuseri kwa zipinda kuli kale khoma la neba, ndiye kuwala ndi njira zonse zimayenera kuchokera kubwalo. Nchifukwa chake anaika makonde a matabwa m'mwamba, lina pamwamba pa linzake, okhala ndi timizati totchingira kuti munthu asagwe, ukatuluka kuchipinda uli pakhonde ukuona ngolo yako pansipo akuimangirira mahatchi. Pansi panali chipinda chodikirira ngolo ndi china chomwera khofi, pano zonsezo ndi zomweramo mowa, denga lake lotsika, matabwa akuda bii ndi ukalamba.

Kenako kunabwera sitima. Siteshoni ya London Bridge inatsegulidwa 1836 pafupi pomwepo ndipo bizinesi ya ngolo inayamba kufa, nyumba ina yogona apaulendo yotchedwa Tabard yomwe inali pafupi ndi George anaigumula 1873. George inagwera m'manja mwa kampani ya Great Northern Railway, iwo nkuisandutsa pofikira katundu, mu 1889 anagwetsa mbali ziwiri nkusiya ya kum'mwera yokha, amwene anthu omwe anakulanda makasitomala ndi omwewonso akukugwetsera nyumba.

Mbali yotsalayo inaperekedwa kwa National Trust, bungwe losamalira malo akale, mu 1937, ndipo mu London monse ndi yokhayi ya makonde otere yomwe inapulumuka. Mowa akugulitsabe mpaka lero, koma zogona zinatha, m'mwamba muja pano anthu amangodyeramo.