Timu ya ku Berkeley imene inasewera manda ake atakumbidwa kale

Mu Juni 2025, woweruza Claudia Wilken wa kukhoti la ku Oakland, m'chigawo cha California, anavomereza mgwirizano wolola mayunivesite a ku America kuyamba kulipira osewera awo, mpaka madola 20.5 miliyoni pa sukulu iliyonse m'chaka choyamba. Zambiri mwa ndalamazi zikupita kwa osewera mpira wa ku America uja wovala zisoti ndi a basketball, poti ndiwo amadzaza mabwalo. Anthu a masewera ena mtima uli m'mwamba, ndipo m'pomveka: thumba likaphwa, mpeni umayambira pa iwo. Nditamva nkhaniyi ndinakumbukira zimene zinachitika kufupi ndi khoti lomwelo, ku Berkeley, kumene timu ya baseball ya University of California inasewera chaka cha 2011 itauzidwa kale kuti chaka chotsatira sidzakhalaponso.

Timuyi, imene anthu amangoti Cal, si yadzulo. Inayamba mu 1892. Mpikisano waukulu wa makoleji wotchedwa College World Series utayamba mu 1947 ku Kalamazoo, chikho choyamba inatenga ndi Cal, itagonjetsa Yale, imene mwa osewera ake munali George H. W. Bush, yemwe anadzakhala pulezidenti wa dzikolo. Inatenganso chikhocho mu 1957. Kenaka panadutsa zaka zambiri za bwino pang'ono, zoipa pang'ono, ndipo pofika 2010 ulendo wake womaliza ku Omaha, kumene mpikisanowu umathera, unali wa mu 1992.

Mavuto anachokera kuchuma. Boma la California linadula ndalama za mayunivesite ake, ndipo kumapeto kwa 2009 fizi inakwezedwa ndi 32 peresenti. Ophunzira anachita zionetsero. Aphunzitsi, amene malipiro awo anali atadulidwa, anavota kuti sukulu ileke kuthira ndalama m'masewera. Sindikuwaweruza ayi. Munthu amene akuona makalasi akuchepetsedwa ali ndi chifukwa chofunsa kuti madola oposa 10 miliyoni pachaka akupitiranji kubwalo. Pa 28 Seputembala 2010, mkulu wa yunivesite Robert Birgeneau ndi woyang'anira masewera Sandy Barbour analengeza kuti baseball, lacrosse ya akazi, ndi gymnastics ya amuna ndi ya akazi zidzathetsedwa chaka chamaphunziro chikatha, ndipo rugby itsitsidwa pamndandanda wa matimu akuluakulu. Ati izi zipulumutsa madola 4 miliyoni pachaka. Osewera 163 ndi makochi 13 ndiwo anakhudzidwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nthawi yomweyo yunivesite inali kuyamba kukonzanso bwalo lake la mpira wovala zisoti, Memorial Stadium, pa mtengo wa madola 321 miliyoni. Akuluakulu ankati ziwirizi n'zosiyana: bwalolo lakhala pamng'alu wa zivomezi wa Hayward, kulikonza n'kuteteza miyoyo, ndipo ngongole yake idzabwezedwa ndi ndalama za matikiti. Za mng'aluwo n'zoona. Koma za ngongoleyo sizinayende monga ankanenera, moti patapita zaka yunivesite inayamba kusenza gawo lake. Mnyamata wa baseball wodutsa pamenepo popita ku Evans Diamond, bwalo lawo lopanda ngakhale magetsi osewerera usiku, ankaona ndi maso kumene kunali mtima wa sukulu yake.

Ambiri akamakamba za chaka chimenechi amathamangira ku masewera a mu Juni. Ine ndimaona kuti nkhani inakhota pa 11 Febuluwale 2011. Makolo ndi osewera akale anali atayamba kusonkha, ndipo malonjezo anafika madola pakati pa 12 ndi 13 miliyoni. Tsiku limenelo, patangotsala sabata imodzi kuti masewera ayambe, yunivesite inalengeza kuti rugby, lacrosse ndi gymnastics ya akazi zapulumuka. Baseball ndi gymnastics ya amuna, ayi.

Chifukwa chake mbali ziwirizi zimachifotokoza mosiyana. Yunivesite inati ndalama zolonjezedwa ku baseball penipeni zinali zosakwanira. A baseball anati iwo ndiwo anali patsogolo pa ntchito yosonkhayo, ndipo akuluakulu sananene poyera kuti pakufunika zingati mpaka nthawi itatha. Palinso lamulo la Title IX la mu 1972, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma. Nyuzipepala ya New York Times inalemba masiku omwewo kuti kuthetsa matimu a akazi kukanakakamiza Cal kuchotsanso amuna ambiri m'matimu otsala kuti chiwerengero chilingane. Pamenepa ndimakhulupirira nyuzipepalayo, chifukwa zimene zinachitika zikugwirizana nayo: matimu onse awiri a akazi anabwezedwa, ndipo amene anatsala panja anali a amuna okhaokha. Si akaziwo anachotsa baseball, monga ena ankadandaulira. Olakwa anali amene anadula asanawerenge bwino.

Taganizirani anyamata aja. Kuuzidwa kamodzi kuti mwatha n'kopweteka. Kuuzidwa kachiwiri, anzanu akukumbatirana, ndi nkhani ina. Ochepa anali atasamukira kale kusukulu zina. Otsalawo ankasewera masana, madzulo n'kumaganiza za kumene adzapite chaka chamawa, ndipo kochi wawo David Esquer ankaphunzitsa timu kwinaku akuthandiza osewera ake omwe kupeza malo kwa adani ake. Wolemba ana atsopano panalibe, poti ungamuitanire chiyani mwana kunyumba yogwa?

Apa m'pamene loya wa ku San Francisco, Stu Gordon, amene anaponyerako timuyi ali mnyamata, anatenga udindo. Tsopano chiwerengero chinali chodziwika: madola 10 miliyoni. Pasanathe miyezi iwiri malonjezo anafika pafupifupi 9 miliyoni, ndipo pa 8 Epulo Birgeneau anabweza mawu ake. Timu inamva uthengawu ili ku Arizona kokasewera. Gymnastics ya amuna inapulumuka mwezi wotsatira.

Masewera a mu ligi ya Pac-10 sindichedwapo. Anayenda mokwera ndi motsika, ndipo Tony Renda anasankhidwa wosewera wabwino koposa m'ligiyo. Cal inaloledwa kulowa mpikisano wadziko lonse ndipo inatumizidwa ku Houston, kumene ukagonja kawiri umanyamula katundu. Inagonja tsiku loyamba lomwe kwa Baylor. Kenaka inagonjetsa Alcorn State, eni bwalo a Rice, ndi Baylor yomweyo, kuti pakhale masewera amodzi othetsa mkangano pa 6 Juni.

Kwa amene sanaonerepo: baseball ilibe wotchi. Ili ndi zigawo zisanu ndi zinayi, ndipo m'chigawo chilichonse timu imamenya mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa. Choncho wotsogola sangangotaya nthawi kudikira wezulo; ayenera kumutulutsa ndithu munthu womaliza. Baylor inatsogola 7 kwa 1. Pofika chigawo chomaliza zinali 8 kwa 5. Osewera a Baylor anayamba kunjenjemera manja, mpira wosavuta unawapulumuka, Cal inasendera kufika 8 kwa 7. Awiri anali atatulutsidwa, kutsala mmodzi yekha kuti chaka chithe, pamene Devon Rodriguez anamenya mpira umene unagwera kumanja kwa bwalo. Anzake awiri anathamanga kufika kunyumba, malo amene aliyense wofikapo amapezera timu chigoli. Zinathera 9 kwa 8, anyamata ataunjikana pafumbi.

Gawo lotsatira Cal inali mwini bwalo, koma poti Evans Diamond inalibe magetsi, anakabwereka bwalo ku Santa Clara. Kumeneko anagonjetsa Dallas Baptist kawiri, 7 kwa 0 ndi 6 kwa 2, n'kupita ku Omaha koyamba m'zaka 19. Nthano ikanakhala yopeka, akanabwera ndi chikho. Anagonja kwa Virginia, anagonjetsa Texas A&M, n'kugonjanso kwa Virginia. Anamaliza chaka atapambana 38, atagonja 23, ndipo Esquer anapatsidwa ulemu wa kochi wa chaka. Mmodzi wa anyamata aja, Marcus Semien, anadzatenga chikho cha akatswiri ndi Texas Rangers mu 2023.

Pali ena amanena kuti yunivesite inangoopseza dala kuti olemera atulutse ndalama. Umboni wa zimenezo palibe amene anautulutsa, ndipo kukana kwa mu Febuluwale kukuonetsa ngati analidi otsimikiza. Chodziwika n'chakuti chimene chinapulumutsa timuyi si mpira wa Rodriguez, umene unabwera nkhani itatha kale, koma osewera akale okhala ndi matumba akuya m'dera lolemera la San Francisco. Evans Diamond inaikidwa magetsi mu 2013. Mu Januwale 2025, Sonoma State, yunivesite ina ya boma kumpoto pang'ono kwa Berkeley, inalengeza kuti ikuthetsa masewera ake onse, baseball pamodzi.