Zimatheka bwanji timu kukhala mlendo pabwalo pake?

Pa ntchito yanga yolemba nkhani zamasewero, pali funso limene anthu osatsata mpira amakonda kundifunsa. Amati zimatheka bwanji kuti munthu wobadwira ku Kasungu, wokulira komweko, amene ku Blantyre sanapondeko n'kamodzi komwe, akane nsima chifukwa choti Bullets, timu ya ku Blantyre, yagonja?

Amene akufuna kuziona ndi maso apite pabwalo la Civo ku Lilongwe tsiku limene Maule, dzina lina la Bullets, abwera. Mwini bwalo ndi Civil Service United, koma mukaponya maso mbali zonse mungoona zofiira za Bullets zokhazokha. Eni bwalo akagoletsa mumamva osewera akukuwa okha, ndi kagulu kochepa kakuomba m'manja. Kwina konseko kumangoti zii, moti mawu a mnyamata wogulitsa mtedza amamveka bwinobwino. Koma alendowo akangomwetsa chigoli, phokoso lake limakafika mpaka kumsewu.

Gwero la zimenezi ndi lakale. Mpira wa matimu akuluakulu unakulira ku Blantyre, kumene kunali makampani ndi ntchito. Wanderers inayamba mu 1962, ndipo Bullets inabadwa mu 1967 osewera ena atapatuka ku Wanderers komweko. N'chifukwa chake mkangano wa awiriwa uli ngati wa pachibale, ndipo mpaka lero amatchulana kuti neba. Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, Silver Strikers n'kudzayamba mu 1977. Pamene matimu a ku Lilongwe amadzuka, anapeza mitima ya anthu ili kale ndi eni ake.

Chimene chinafalitsa chikondi chimenechi ndi wailesi. Kwa zaka zambiri dziko lonse linkamvera MBC yokha, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Mwana wa ku Rumphi kapena ku Nsanje ankaudziwa mpira kudzera m'khutu, atakhala pakhonde ndi bambo ake, wailesi ili pakati, mabatire ataumikidwa padzuwa kuyambira m'mawa. Mayina amene ankatuluka m'wailesimo anali a osewera a ku Blantyre, monga Kinnah Phiri wa Bata Bullets. Flames itatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979, mayina omwewo anasanduka a dziko lonse. Onjezerani apa anthu amene ankapita kukagwira ntchito ku Blantyre ndi ku Limbe n'kubwerera kumudzi atatenga timu. Mwana ankalandira timuyo kwa bambo kapena malume ake ngati mmene amalandirira mpingo.

Chifukwa china, chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa mmene anthu amaganizira, ndi mwini wake wa timu. Matimu ambiri a kunja kwa Blantyre ndi a mabungwe a boma. Blue Eagles ndi ya apolisi, Civil ndi ya ogwira ntchito m'boma, pomwe Kamuzu Barracks, Moyale ya ku Mzuzu, Red Lions ya ku Zomba ndi MAFCO ya ku Salima ndi za asilikali. Matimuwa amasewera mpira wabwino, ndipo osewera awo amakhala ndi malipiro odalirika. Koma wakabaza wa ku Mchesi savutika kudziwa kuti timu ya kubalaki si yake. Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016, chinthu choyenera ulemu waukulu, komabe chikhocho sichinachotse yunifomu zofiira za Bullets ndi zabuluu za Wanderers m'misika ya Lilongwe. Silver Strikers, ya Reserve Bank, ndiyo yokha imene yaswa mpanda umenewu, chifukwa yakhala ikupambana kwa nthawi yaitali, kuphatikizapo ligi ya 2024, mpaka ana obadwira mu Lilongwe anayamba kuitenga ngati yawo.

Tsopano za mikangano yopendekera mbali imodzi. Anthu ambiri amayesa kuti kupendekera kumaoneka pa zikho basi. Wanderers inatenga ligi mu 2017, kenako Bullets inaitenga kasanu motsatizana mpaka 2023, chaka chimene inasesa zikho zinayi ndi mphunzitsi Kalisto Pasuwa. Pa chiwerengero, apa panali kupendekera ndithu. Koma funsani sapota wa Maule wa ku Ndirande ngati masewero ndi Wanderers, imene amaitchulanso kuti Manoma kapena Nyerere, anasiya kumudetsa nkhawa. Ayi ndithu. Sabata ya masewerowo sagona bwino, chifukwa akudziwa kuti akagonja, Nyerere zimupeza kuntchito, m'minibasi, ngakhale pamaliro. Mbali zonse ziwiri zimaopana, ndiye mkanganowo ndi wamoyo.

Kupendekera kwenikweni kumakhala pamene mmodzi akuona mdani, mnzakeyo akungoona mapointi atatu. Tigers ndi timu yakale ya mu Blantyre momwemo, ndipo inatengapo ligi mu 1989 ili ADMARC Tigers. Kwa osewera ndi masapota ake, kukumana ndi Bullets kapena Wanderers ndi nkhani ya ulemu wa mumzinda. Kwa akuluakuluwo ndi masewero wamba, ndipo akagonja amangoti tapunthwa. Ku Lilongwe zilinso chimodzimodzi. Silver ikamakumana ndi Civil manyuzipepala amati ndi nkhondo ya mumzinda, koma maso a masapota a Silver ali ku Blantyre. Sapota wa timu yaing'ono amapirira kugonja, chimene chimamupweteka ndi kuona kuti ngakhale atapambana, mnzakeyo samusungira mangawa.

Zimenezi zimafika mpaka m'thumba. Timu yaing'ono ikalandira ndandanda wa masewero, msungichuma amayamba wayang'ana masiku amene adzalandire Bullets ndi Wanderers, chifukwa ndalama zapachipata za masiku amenewo ndi zimene zimagula mafuta a basi. Nthawi zina eni timu amalolera kusamutsira masewerowo kubwalo lalikulu kuti kulowe anthu ambiri. Sindiwadzudzula, osewera ayenera kudya. Koma zimandiwawa, chifukwa mwana wa m'deralo amene akanaona timu ya kwawo ikulimbana ndi akuluakulu pafupi ndi nyumba amatsala akumvera pawailesi, ngati agogo ake.

Kumene ndimaona zosiyana ndi kumpoto kwenikweni. Karonga United ndi Chitipa United zimatchedwa ndi mayina a maboma awo, ndipo anthu amazitenga ngati ana a pakhomo. Kumeneko munthu amakhala ndi matimu awiri popanda manyazi, ya kwawo ndi ya ku Blantyre. Matimu awiriwo akakumana, ena amasiya yunifomu yofiira m'nyumba n'kupita kukachemerera ana a kwawo. Chitipa United inkasewerera masewero ake apakhomo pabwalo la Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera kwawo, koma anthu ankakwerabe malole m'mamawa, ng'oma zili pamiyendo, kutsika mapiri kukaona timu yawo.