GPS ya m'manja siuza munthu wina aliyense kumene muli

Anthu ambiri amene angogula kumene kachipangizo ka GPS ka m'manja, monga Garmin eTrex, kamene kamaonetsa munthu malo amene ali, amakhulupirira kuti kamatumiza uthenga ku masetilaiti, kotero kuti akasochera m'phiri owafunafuna adzawapeza mosavuta. Maganizo amenewa ndi akalekale koma ndi olakwika, ndipo angathe kuika moyo wa munthu pachiswe.

Kachipangizoka kamangolandira basi. Masetilaiti a GPS, amene amayendetsedwa ndi boma la United States, amazungulira dziko lapansi ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo setilaiti iliyonse imaulutsa mosalekeza nthawi yeniyeni ndi malo amene ili. Kachipangizoka kakalandira mauthenga ochokera ku masetilaiti osachepera anayi, kamawerengetsa nthawi imene uthenga uliwonse watenga panjira, n'kudziwa pamene mwaima. N'chifukwa chake sikafuna netiweki ya foni kapena mayunitsi, komanso n'chifukwa chake palibe wina amene angaone malo anuwo.

Munthu wokwera phiri la Mulanje kulowera ku Sapitwa, kumene nkhungu imatsika mwadzidzidzi, ayenera kumvetsa zimenezi asananyamuke. Alowetse mapu akadali kunyumba, asunge m'kachipangizomo malo amene wayambira ulendo, atenge mabatire apadera, ndipo ayatse kachipangizoko pamalo oonekera kumwamba n'kudikira mphindi zingapo, chifukwa m'zigwa zakuya ndi pansi pa matanthwe mauthenga amatchingika. Wofuna kuitana thandizo amafunika chipangizo cha mtundu wina, monga inReach, chimene chimatumiza uthenga kudzera pa masetilaiti a kampani ya Iridium ndipo chimafuna malipiro. Popanda chimenecho, auziretu achibale njira yake ndi tsiku lobwerera, ndipo ayende ndi womulondolera wa m'deralo.