Nyama yokulira mu labotale si pulasitiki

Ukangotchula nyama yokulira mu labotale, ambiri amakwinya nkhope. Ena amati ndi pulasitiki, ena amati ndi m'bale wake wa soya pieces uja timagula m'magolosale. Zonsezi n'zolakwika, ndipo zimandiwawa kuona anthu akukana chakudya chifukwa cha mphekesera.

Soya ndi mbewu ya m'munda. Nyama iyi gwero lake ndi chiweto chamoyo. Akatswiri amatengako maselo ochepa (tizigawo ting'onoting'ono tomwe timapanga thupi) a ng'ombe kapena nkhuku, n'kuwaika m'thanki yofunda momwe muli madzi osakaniza ndi shuga, mchere, mavitamini ndi zomanga thupi. Maselowo amadya, amachulukana, mpaka kusanduka mnofu weniweni, chiwetocho chili moyo.

Katswiri wa sayansi Mark Post wa ku Maastricht University, m'dziko la Netherlands, ndiye anaonetsa baga (nyama yogaya yodyera m'kati mwa banzi) yoyamba yotere ku London mu 2013, ndipo inadya ndalama zoposa madola 300,000. Dziko la Singapore linaloleza kugulitsa nkhuku yotere mu 2020, America mu 2023, pomwe Italy inaletsa chaka chomwecho ponena kuti ikuteteza alimi ndi zakudya zamakolo. Chomwe chikuvutabe ndi mtengo, poti kupanga yochuluka kudakali kodula kwambiri kuposa kuweta nkhuku m'khola.