Za ukonde wa m'magazi: musasiye mankhwala a khansa

Pa WhatsApp pakuyenda uthenga woti asayansi apeza kuti asilikali a m'thupi ndiwo amafalitsa khansa, ndiye kulandira chemotherapy, mankhwala opha maselo a khansa, n'kutaya nthawi. Ndinaumvanso m'minibasi ya ku Area 25, mayi wina akuwerengera mnzake amene anafumbata buku lachipatala. Mtima unandiwawa, chifukwa ili ndi bodza lovala zoona pang'ono.

Zoona zake n'zakuti maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil amatha kutulutsa DNA yawo ngati ukonde wokola tizilombo. Ofufuza a ku Berlin anafotokoza zimenezi mu 2004. Pambuyo pake, makamaka poyesa pa mbewa, kunapezeka kuti ukondewu umathanso kukola maselo a khansa oyenda m'magazi n'kuwathandiza kukhazikika m'chiwindi, kuwatchinga kwa asilikali ena, ngakhale kufooketsa mphamvu ya mankhwala. N'chifukwa chake akufufuza njira yowudulira kuti mankhwalawo agwire bwino, osati kuti asiyidwe.

Ndipo ma neutrophil timawafuna kwambiri. Chemotherapy imawachepetsa, choncho wodwala wanu akatentha thupi ali pa mankhwalawa, musadikire kuche. Thamangani naye ku Kamuzu Central Hospital usiku womwewo.