Chifukwa chake uthenga wa ADS-B ulibe loko

Rada zoyambirira zinkangoonetsa kuti m'mwambamo muli chinthu, osadziwa kuti ndi ndege iti. Kenako ndege zinayamba kuikidwa transponder, chida choyankha rada: siteshoni ya pansi imafunsa pa 1030 MHz, ndege n'kuyankha pa 1090 MHz, kutchula nambala yake ndi kutalika komwe ikuuluka. Koma mlongoti wa rada umatha masekondi 4 mpaka 12 kuti uzungulire kamodzi, ndipo pakati pa nyanja palibe pouimika.

Ndi ADS-B, njira yatsopano yolondolera ndege, ndegeyo sidikira kufunsidwa. Imadziwa pomwe ili kudzera pa GPS n'kumaulutsa yokha, pafupifupi kawiri pa sekondi. Anaiyesa ku Alaska kuyambira 1999 pa ntchito ya Capstone, Australia n'kumanga masiteshoni m'dziko lonse pofika 2009. America inaiika m'malamulo kuyambira 1 Januwale 2020. Ndege ya MH370 itasowa mu Malichi 2014, msonkhano wa 2015 wa ITU, bungwe la United Nations loona za mafunde a wailesi, unalola masetilaiti kumvera uthengawu, ndipo mu 2019 kampani ya Aireon inayamba kulondola ndege zowoloka North Atlantic.

Uthengawu subisidwa, ulibenso chidindo chotsimikiza amene wautumiza. Kusabisako n'kwadala, popeza ndege zoyandikana ziyenera kumvana. Koma aliyense wokhala ndi kawailesi kotchipa amaumvanso, ndimo mmene Flightradar24, tsamba la pa intaneti loonetsa pomwe ndege zili, imapezera zambiri zomwe imaonetsa. Mu 2012 wofufuza wina, Andrei Costin, anasonyeza pa Black Hat, msonkhano wa za chitetezo cha makompyuta, kuti munthu angathe kuulutsa ndege yabodza. Nanga bwanji osangoikamo chidindocho? Malo palibe. Uthenga wonse ndi ma bit (timanambala ta 0 kapena 1) 112: 8 ndi otsegulira uthengawo, 24 ndi adiresi ya ndege, 24 ena ndi ogwirira zolakwika, ndipo onyamula nkhani yeniyeni ndi 56 okha. Kuusintha kungafune kukonzanso zida za m'ndege masauzande, mayiko onse atagwirizana.

Motero ulonda uli pansi. Pa njira ya multilateration, masiteshoni anayi kapena kuposerapo amayeza kusiyana kwa nthawi yomwe uthenga umodzi wawafikira, n'kuwerengera komwe wachokera. Zikasemphana ndi zomwe ndegeyo yanena, kompyuta imaukayikira.

Chomwe chavutitsadi oyendetsa ndege si ndege zabodzazo ayi, koma kusokonezedwa kwa GPS, komwe kwachuluka kuyambira 2022 kumadera a Baltic, Black Sea ndi Middle East. GPS ikatsekerezedwa, ndege imaleka kutumiza malo ake. Ikanamizidwa, imaulutsa malo olakwika transponder ili bwinobwino. Pamenepo woongolera ndege amadalira rada yakale ija, n'chifukwa chake mayiko ambiri sanaizimitse pamabwalo akuluakulu.